Michira ya Mawaya

Ine ntchito yanga ndi tsitsi. Ndinayamba kumanga anthu tsitsi ndi ulusi ndili mtsikana kwathu ku Dedza, ndipo titapeza nyumba ya lendi ku Kawale, pakhonde pathu sipankasowa mutu wa munthu pakati pa maondo anga. Za manyutironi sindinazifune ayi. Zinachita kundipeza m'nyumba mwanga momwe, chaka chija ana anayamba kuphunzira ulere ku pulaimale.

Amuna anga ankaphunzitsa sayansi ku sekondale, kenako anapeza mwayi wa maphunziro ku Ulaya. Anakhalako zaka zitatu. Chaka chachinayi anabwerako asanamalize, akutsokomola, atawonda mpaka mphete inkavuka yokha pachala. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, anawagoneka miyezi iwiri akubayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku. Matenda enawo, amene anali kuseri kwa chifuwacho, palibe amene anawatchula. Koma ife awiri tinkadziwa, ndipo tinkadziwanso kuti mvula ya chaka chimenecho mwina sadzaiona.

Akazi a anzawo ankalandira nsapato ndi mawotchi kuchokera ku Ulaya. Ine nditatsegula sutikesi ndinapezamo mabuku, felemu lalikulu ngati thileyi ya tiyi atalikulunga m'juzi, ndi kampukutu ka waya wagolide wopyapyala kuposa tsitsi la khanda. Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinawafunsa ngati zaka zonsezo anapitira kukaphunzira kukonza sefa.

Atatuluka m'chipatala anandikhazika pansi n'kundifotokozera, ndipo poti anali mphunzitsi, anabwereza mpaka ndinamva. Anati kumene anali kuja kuli makina amene amalavula tinthu tosaoneka ndi maso, totchedwa manyutironi. Timeneti amatiwombera pa chinthu chimene akufuna kuchidziwa mkati mwake, kaya ndi mkaka, utoto kapena mankhwala. Tambiri timangodutsa njo, koma tina timakhota pang'ono pokha, ndipo kakhotedwe kakang'onoko ndi kamene kamaulula kukula kwa timibulu ta mkati mwa chinthucho. Kutali, kumapeto kwa chimpope chachitali, kumakhala bokosi lozindikira pamene kanyutironi kalikonse kagwera. Iwo ankalitcha ditekita. M'bokosimo mumakhala mpweya wapadera ndi mawaya ondandalikana bwinobwino, ndipo waya amene ali pafupi ndi pamene kagwera ndiye amamva.

Vuto linali lakuti mawayawo akakhala ena okungika, ena olobodoka, chithunzi chimatuluka ndi mizeremizere, ndipo tija tokhota pang'onoti, timene anthu akutifuna, timabisika m'mizeremo. Iwo anali ataganizira njira yoyesera kukungika kwa waya aliyense osamukhudza, pongomvera kulira kwake. Anzawo a ku Ulaya sanaitsutse, koma anati aionetse pa felemu lathunthu la mawaya 64, manambala onse atalembedwa. Asanayambe, matenda anawagwetsa. Ndiye anati akafa felemulo lili lopanda kanthu, zaka zinayi zija zidzakhala ngati anangopita kukaona chipale. Manja awo ankanjenjemera, sankatha ngakhale kulowetsa ulusi pa singano. Anayang'ana zala zanga, ine n'kudziwiratu kuti ndagwidwa.

Makasitomala ndinawabweza onse, chifukwa ati mafuta a tsitsi sagwirizana ndi wayayo. Ndinkasamba m'manja katatu ndi sopo wochapira mpaka khungu kuchita mbuu. Munthu wina wokonza mawailesi ku Biwi anatitsegulira wailesi yathu n'kutulutsamo zingwe ziwiri zokhala ndi topanira, anatipatsanso maginito a sipika yakufa ndi kachitsulo kowotcherera kotenthetsa pa mbaula. Sanafunse zambiri, anangoti aphunzitsi akakhala ndi zawo, asiyeni.

Kachitidwe kake kanali kotere. Ndinkagoneka waya pa felemu, m'kampata kake, n'kumuwotcherera ndi mtovu mbali imodzi. Mbali inayo ndinkamangirira kabotolo ka mankhwala kokhala ndi mchenga, kamene tinakayezetsa pa sikelo, kuti kamukoke, kenako n'kuwotcherera. Pamenepo ndi pamene pankavuta, chifukwa mtovu ukamauma waya amatha kupulumuka pang'ono osaoneka. Ndiye tinkamupana ndi topanira tija, kuika maginito pansi pake, ine n'kumuuzira ndi kachubu ka bolopeni. Wailesi inkalira kamawu kakang'ono ngati udzudzu. Pambali panali waya wachitsanzo, wolendewera kabotolo kake nthawi zonse, ndipo ndikauzira onse awiri, mawu awo ankalimbana, wo-wo-wo-wo. Akasiyana kwambiri, kulimbanako kunkafulumira. Akafanana, kunkachita ulesi mpaka kutha. Amuna anga ankapendeka mutu, maso pa wotchi, n'kuwerenga kuti alimbana kangati pa masekondi khumi, n'kulemba m'kope ndi pensulo. Kupitirira kasanu, wayayo ndiye kuti walakwika.

Tinkagwira m'mawa mokha, dzuwa likangotuluka, chifukwa kuseri kwa nyumba yathu kunali chigayo, ndipo chikangoyamba palibe chimene ukanamva. Mphepo ya Ogasiti nayo inkadzuka ndi fumbi lake cha m'ma 9, moti m'mipata ya zenera ndinatsekamo zitenje zonyowa. Tsiku labwino tinkamanga awiri kapena atatu. Sabata yoyamba ndinadula mawaya asanu ndi anayi. Aliyense akaduka amuna anga ankangotseka maso, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa kukalipa, poti waya wa pakampukutu anali wowerengeka: wokwana felemu, ndi mawaya ena apadera khumi ndi awiri basi. M'Malawi muno ukanamugula kuti?

Tinakangana kwambiri pa nkhani ya michira. Iwo ankafuna kuti ndikangowotcherera, ndidule waya pafupi penipeni ndi mtovu. Ine ndinkasiya mchira wautali ngati chala n'kuumata ndi pulasitala kumbali kwa felemu. Anati ndikuwononga waya, anatenganso pensulo kundiwerengera kuti michira 64 idya mawaya angati. Ndinawauza kuti ine ulusi sindidula mutu usanathe. Umatha kumanga mizere khumi, mwini mutu n'kunena kuti wachitatu ukukoka, ndiye ngati unadula kale umagwira pati? Anati felemu si mutu wa mayi wa kumsika. Ndinati chabwino, amange okha. Koma manja anali anga, michira inatsala.

Tinafika pa waya wa nambala 41 kumapeto kwa Sepitembala. Nthawi imeneyo anali atafooka, ndinkachita kuwanyamula kuwakhazika pampando n'kuwatchinjiriza ndi mapilo. Uthenga unabwera kuchokera kwawo ku Ntcheu kuti amalume awo ndi apongozi anga akubwera Loweruka ndi pikapu kudzawatenga. Aliyense amadziwa tanthauzo la pikapu yotero: munthu apite kwawo akupuma, asadzavutitse atagona. Ndipo mphunzitsi mnzawo wa ku Nsungwi, mbali ina ya tawuni yomweyi, amene analonjeza kunyamula felemulo, ankanyamuka Lamulungu lotsatira Loweruka lomwelo kupita ku Ulaya. Tinatsala ndi masiku asanu ndi mawaya 23.

Lolemba m'mawa ndi pamene ndinawagwira. Ndinali nditawotcherera waya wa 41, ndikuuzira, koma wailesi inkangoti sii. Nditayang'ana pansi ndinaona kuti kopanira kamodzi kagwa, kali pasimenti. Ndisanakatole, ndinaona amuna anga apendeka mutu, maso pa wotchi, milomo ikuwerenga. Analemba 2.  Ndinati tibwereze. Ndinatambasula dzanja kuseri kwa botolo la madzi n'kuzimitsiratu wailesi, n'kuuziranso. Anapendekanso mutu, anadikira masekondi awo khumi, n'kufufuta 2 uja, kulemba 1.

Ndinawaitana ndi mawu a masiku onse nditatembenukira kukhoma. Sanayankhe. Ndinaitananso. Zii. Apo ndi pamene ndinakumbukira kuti masabata angapo ankangondiyang'ana pakamwa ndikamayankhula, ndipo azimayi a mvano atabwera kudzawaimbira anayamba kuwomba m'manja nyimbo itatha kale. Ndinakumbukiranso kuti kangapo ndinamva ngati mawaya akulimbana mofulumira, koma ndinadziuza kuti ndine yani ine, womanga tsitsi, kutsutsa munthu wa madigiri.

Ndinawaonetsa kopanira kaja ndi wailesi yozimayo.  Kenako anaulula kuti chitulukireni m'chipatala m'makutu mwawo munkalira nyenje, ndipo adokotala anali atawachenjeza kuti jakisoni uja amatha kutero. Poyamba ankamvabe pang'ono. Kuyambira cha pa waya wa 20 sankamva kanthu. Ankaopa kuti ndikadziwa ndisiya, ndiye ankangolemba.

"Tingozisiya momwemo," anatero. "Angabwere ndani ku Kawale kudzafufuza? Ndatopa ine."

Abale inu, ndinakalipa. Ndinachita kufuula m'khutu mwawo, moti anthu a nyumba yoyandikana anamva zonse. Ndinawauza kuti ndabweza mitu ya anthu miyezi iwiri, zala zanga zapsa ndi mtovu, ndasamba m'manja ngati wamisala, osati kuti nditumize bodza ku Ulaya. Ndinati ngati akufuna dzina lawo likakhale pa manambala opeka, akalembe okha, ine felemulo ndiliponya m'chimbudzi. Ndinalanda kope, ndinatenga labala n'kufufuta kuyambira pa 20 mpaka pa 41, iwo akuona. Analira. Chikwatiraneni ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale tsiku limene anamva za magazi awo. Inenso ndinakhala pansi n'kulira, chifukwa ndinkadziwa kuti mawaya apadera atsala atatu okha, ndipo sindinkadziwa kuti olakwika ndi angati.

Tinawayesa tsiku lomwelo masana, chigayo chitapumira nkhomaliro. Tsopano makutu anali anga. Ndinkauzira, n'kumagogoda ndi chala pa bondo lawo nthawi iliyonse mawu akalimbana, iwo maso pa wotchi, akuwerenga kugogodako. Bondolo linali fupa lokhalokha. Olakwika anapezeka asanu ndi atatu. Anaika pensulo pansi n'kunena kuti basi, zathera pomwepa, atatu sangalowe m'malo mwa asanu ndi atatu.

Ine maso anga anali pa pulasitala wa kumbali kwa felemu.  Ndinakoleza mbaula, ndinamatula mchira wa waya wa 22, ndinamangirirapo kabotolo ka mchenga, n'kukhudza mtovu ndi kachitsulo kotentha. Mtovu utasungunuka, kabotolo kanatsika pang'ono, waya n'kukungika. Nditauzira ndinagogoda kawiri kokha pa bondo lawo. Anandiyang'ana, anayang'ana michira yonse ija yondandalikana, n'kupukusa mutu. Kupepesa sanapepese, anthu ophunzira amavutika nako, koma anandigwira dzanja osalisiya mpaka chigayo chinayambanso.

Mwa asanu ndi atatuwo, awiri anaduka pokonza. Wapadera anatsala mmodzi, ndipo Lachitatu ndinamudyanso, pamene kamvuluvulu anamenyetsa chitseko ine nditagwira waya wa 48. Kuyambira pamenepo panalibenso mpata wolakwitsa. Sindinaphike bwinobwino sabata imeneyo, tinkadya phala ndi buledi. Ndinkapempherera kuti magetsi azime, chifukwa akazima chigayo chinkakhala chete, pamene ife mbaula ndi mabatire zinkatikwanira. Lachinayi anazima tsiku lonse, ndipo pamene Kawale yense ankadandaula, ine ndinamanga mawaya asanu ndi awiri. Odzazonda odwala ndinkawabwezera pakhonde, ndikunama kuti agona. Ena anakwiya, anati mkaziyu akubisa mwamuna. Lachisanu dzuwa likulowa tinali pa 61, maso anga osaonanso waya, amuna anga akulephera kugwira pensulo.

Loweruka ndinadzuka kukuyera, koma iwo anavutika kudzuka, anasanza, ndipo pamene ndinkawakhazika pampando nthawi inali itapita. Nditangomaliza wa 62, pikapu inaima panja. Ndinatuluka, ndinagwada, ndinalonjera amalume ndi apongozi mwaulemu wonse, ndinawayalira mkeka pakhonde n'kupempha kuti andidikire pang'ono, ndikuwasintha zovala. Nditalowa ndinakhoma chitseko ndi loko. Mayi wobereka, wochokera kutali kudzaona mwana wake wodwala, ine n'kumutsekera panja. Ndinkadziwa bwinobwino chimene ndikuchita.

Wa 63 anayenda bwino. Pa wa 64 kampukutu kanatha, kanatsala kapulasitiki kokha, ndipo mchira wake unali waufupi moti kabotolo ndinakamangirira ndi nsonga za zikhadabo. Panja anali atatopa. Apongozi ankaitana mwana wawo, osadziwa kuti sakumva. Dalaivala ankaliza hutala. Amalume anayamba kumenya chitseko ndi chikhatho, khoma lonse likugwedezeka, kabotolo kakuvina kumapeto kwa waya womaliza amene tinali naye padziko lino.

"Takhalani chete kunjako!" ndinakuwa. "Chete!"

Kunja kunati zii. Amalume a amuna ako, munthu woti sumuyang'ana n'kumaso komwe, kumukalipira ngati mwana. Ndinagwira mpweya mpaka kabotolo kanaima, ndinawotcherera, ndinapana, ndinauzira. Ndinagogoda katatu pa bondo lija. Analemba 3 wokhotakhota, n'kujambula mzere pansi pake. Kenako anandipatsa kasizasi kanga ka tsitsi kamene kanali patebulo.

"Mutu watha tsopano," anatero. "Dula."

Ndinadula michira yonse, umodzi umodzi, pafupi ndi mtovu monga ankafunira poyamba paja, n'kuisonkhanitsa m'kabotolo kopanda kanthu. Kenako ndinatsegula chitseko. Apongozi anandidutsa ngati sindilipo. Amalume anayang'ana felemu, mbaula ndi wailesi yotsegula pamimba, n'kufunsa ngati izi ndi zimene zinali zofunika kuposa mayi a munthu. 

Ndinali nditalongedza kale chikwama changa kuti tipitire limodzi, ndikuganiza kuti tidzera ku Nsungwi. Amalume anakana, anati Ntcheu ili uku, Nsungwi ili uko, ndipo dalaivala akufunika kubwerera tsiku lomwelo. Ndinapempha nditagwada, sizinatheke, ndipo nditawakalipira chonchija ndinalibenso pakamwa. Amuna anga, atagonekedwa pa matiresi kumbuyo kwa pikapu, anaona kuti pali mkangano, anandikodola. Anati felemulo ndisapatse munthu wina aliyense, ndikalipereke ndekha m'manja mwa mnzawoyo, ndiwatsatire mawa. Ndinawauza kuti sindikufuna, ndikuopa, ndikufuna ndikhale nawo. Ndinanena kawiri, mokweza. Anangomwetulira n'kugwedeza mutu ngati ndavomera, chifukwa sanamve. Pikapu inanyamuka.

Felemulo ndinaliika m'bokosi lake la matabwa, pamodzi ndi kope ndi kalata imene analemba kale, n'kukulunga ndi bulangete. Mu minibasi, kuchoka ku Kawale kukafika kudepoti, kuchoka kudepoti kukafika ku Nsungwi, ndinalinyamula m'mwamba ndi manja awiri, osalola kuti likhale pamiyendo, kuopera maenje a mumsewu. Kondakitala anandiseka, ati mayi anyamula mazira a golide. Mphunzitsi uja sindinamupeze, anali atapita kukatsanzikana ndi abale ake. Akazi ake anati ndisiye, koma ndinakumbukira mawu aja, ndinakhala pakhonde pawo mpaka anabwera dzuwa litapendeka. Anatsegula, tinawerenga limodzi. Onse 64 anali amoyo.

Lamulungu ndinakwera basi yoyamba imene ndinaipeza. Inachedwa kudzaza, inafera panjira titangodutsa Dedza, ndipo ndinatsika pa siteji ya kwawo cha m'ma 2 masana. Kuchoka pamsewu kukafika kumudzi ndi mtunda wa ola limodzi. Ndisanafike ndinaona masamba atayalidwa panjira, kenako ndinamva kulira. Anamwalira m'mawa, anthu akupita ku tchalitchi. M'nyumba ya siwa, pamaso pa azimayi onse, apongozi anandiuza kuti mwana wawo chifikireni sanachotse maso pachitseko.

Patapita miyezi, mvula ili pakati, kunabwera kalata yochokera ku Ulaya. Mphunzitsi wina wa pafupi anandiwerengera. Anati felemu linafika, analiyesa ndi makina awo, ndipo manambala a m'kope anagwirizana ndi awo. Anati mawaya a ditekita yatsopano anawayesa ndi njira ya amuna anga, ndipo adzaitchula ndi dzina lawo. Munali zithunzi ziwiri. Wondiwerengerayo anazitembenuzatembenuza osadziwa kuti n'chiyani, koma ine ndinadziwa. Choyamba, cha ditekita yakale, chinali ndi mabwalo odukaduka ndi mizere. Chachiwiri mabwalo ake anali osalala mpaka pakati penipeni, pamene pamagwera tija tokhota pang'onoti.

Ndinakondwa, sindinganame. Koma ndinakwiyanso, ndipo mkwiyowo sunathe mpaka lero. Ndimawakwiyira amuna anga chifukwa chondituma, ndimadzikwiyira ndekha chifukwa chokhala pakhonde la eni ake tsiku lonse pamene ndikanatha kusiya bokosi n'kuthamangira basi ya masana. Abale awo sanandiyankhulenso. Kwawoko amandidziwa kuti ndine mkazi uja anatsekera apongozi ake panja, n'kusiya mwamuna akufa kuti athamange ndi mawaya. Sanama, ndi mmene zinakhalira.

Ndinabwerera pakhonde panga, makasitomala anabwerera pang'onopang'ono. Zithunzi zija zili m'sutikesi, pamodzi ndi kabotolo ka michira. Nthawi zina ndikamanga munthu tsitsi, ndimapezeka kuti chala changa chikugogoda paphewa pake, ndipo akafunsa kuti n'chiyani, ndimangomuuza kuti aweramitse mutu.